Agave safa pachabe akachita maluwa

Akonzi,

Ndimawerenga tsamba lanu la zachilengedwe mwachidwi, ndipo ndikuthokoza kuti mumalipatsa malo. Koma ndiloleni ndikonzeko zomwe zinalembedwa zokhudza agave, chomera cha m'zipululu za ku America, zoti amachita maluwa kamodzi pa zaka 100 kenako n'kufa pachabe. Ndinaphunzitsa sayansi ya zomera kwa nthawi yaitali, ndiye zimenezi sindikanangozisiya.

Za zaka 100 zija ndi mphekesera chabe. Mtundu wotchuka wa Agave americana nthawi zambiri umachita maluwa utakhala zaka zapakati pa 10 ndi 30. Kumene kuli kozizira umachedwerapo. Wina amene anabzalidwa m'nyumba yagalasi ya yunivesite ya Michigan ku United States anachita maluwa mu 2014 atakhala zaka 80, moti anachita kuchotsa galasi la padenga kuti phesi lake lidutse. Ameneyu anatchuka chifukwa zoterezi sizichitikachitika.

Chomwe chandilembetsa kwenikweni ndi mawu akuti "pachabe". Agave alipo mitundu yoposa 200, ndipo yambiri kwawo ndi ku Mexico ndi kumwera chakumadzulo kwa United States, kuphatikizapo m'zipululu za Sonora ndi Chihuahua. Ngakhale khonje wopangira zingwe ndi mtundu wa agave, wochokera kumwera kwa Mexico. Kumalo kouma chonchi chomera sichingawononge madzi mwachisawawa. Zomera zambiri zimatsegula timabowo ta m'masamba masana kuti zikoke mpweya, ndipo madzi amatuluka nthunzi pompo. Agave amatseka timabowoto dzuwa likamaswa mtengo, n'kutitsegula usiku kukazizira. Mpweya umene wakoka usikuwo amausunga m'masamba, kukacha ndiye amapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Njira imeneyi imapulumutsa madzi koma ndi yochedwa, n'chifukwa chake chomerachi chimakula mwapang'onopang'ono, chaka ndi chaka chikuunjika shuga m'mutu wake wobisika pakati pa masamba aminga aja.

Shuga akakwanira, zinthu zimasintha mwadzidzidzi. Pakati pa masamba pamatuluka phesi lomwe limatalika masentimita angapo tsiku lililonse, ndipo pa mitundu ikuluikulu limafika mamita 8. Chakudya ndi madzi zonse za zaka zija zimakwera m'phesimo. Masamba amayamba kufota ndi kugwa m'mbali, ndipo mbewu zikamakhwima mayi uja amakhala watha. Amene sadziwa amayesa matenda kapena chiswe. Ayi ndithu, ndi mmene analengedwera. Zili ngati nthochi imene imabereka mkoko umodzi n'kusiya ana m'munsi, pakuti agave ambiri nawonso amasiya mphukira kuzungulira tsinde. Khonje yekha sabereka mbewu kawirikawiri. Paphesi pake pamamera tizomera tating'ono tomwe timagwa n'kugwira pansi.

Nanga phesi litalikirenji chonchi? Kuti mileme ilipeze. Mitundu yambiri ya agave imatulutsa timadzi totsekemera ndi fungo lamphamvu usiku. Pali mileme ya mphuno zazitali, monga Leptonycteris yerbabuenae, imene imauluka kuchokera ku Mexico kukafika ku Arizona, m'dziko la United States, chaka ndi chaka, ikutsata maluwa a agave ndi a zomera zina za m'chipululu. Imalowetsa mutu m'duwa, mungu n'kumatirira ku ubweya wake, ndipo imakausiya pa chomera china chakutali. Njuchi, njenjete ndi mbalame nazo zimadya pomwepo. Mbewu zobadwa motere zimasakaniza chibadwa cha makolo awiri, pamene mphukira imangofanana ndi mayi wake ndendende.

Apa ndiye pali nkhani yomwe ndikanakonda nyuzipepala yanu itaifotokoza. Mowa wa tequila amaupanga kuchokera ku Agave tequilana, amene amalimidwa kwambiri m'chigawo cha Jalisco ku Mexico. Alimi safuna kuti shuga athawire m'maluwa, choncho amadula phesi likangotuluka, kapena amakolola mutu maluwa asanabwere, ndipo minda yatsopano amabzala mphukira zokhazokha. Sindikuwadzudzula, pakuti shuga ameneyo ndiye ndalama yawo. Koma zotsatira zake ndi minda ikuluikulu ya zomera zofanana chibadwa, zomwe matenda amodzi angathe kuzisesa pamodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 matenda anawonongadi minda yambiri ya agave ku Mexico. Mileme nayo inkadutsa pamwamba pa minda yopanda duwa n'limodzi lomwe.

Katswiri wa mileme wa ku yunivesite ya UNAM ku Mexico, Rodrigo Medellín, pamodzi ndi anzake analimbikitsa alimi kuti pa zomera 100 zilizonse azisiyako 5 kuti zichite maluwa, ndipo mowa wa alimi otere umaikidwa chizindikiro chosonyeza kuti sunalande mileme chakudya. Kuphatikiza ndi kuteteza mapanga amene milemeyo imagonamo, ntchito ya zaka zambiri inabala zipatso: mu 2018 United States inachotsa mleme uja wa Leptonycteris yerbabuenae pa mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi yotheratu, ndipo unali mleme woyamba kuchotsedwapo chifukwa chochulukanso. Mbale wake, Leptonycteris nivalis, akadali pangozi.

Pempho langa kwa inu, akonzi, n'lakuti musindikize kukonzaku, chifukwa ana asukulu amadula nkhani za patsambali n'kumaziloweza. Kwa owerenga amene ali ndi agave pakhomo ndikuti phesi likatuluka musathamangire chikwanje poganiza kuti mupulumutsa chomeracho, chifukwa chikafika pamenepa sichibwereranso. Lisiyeni mpaka mbewu kapena tizomera tija tikhwime, kenako muzule mphukira za m'munsi mukabzale pamalo ouma, osadikha madzi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito