Moto wa ku Dzalanyama, tiziotcha msanga

Akonzi,

Ine sindikugwirizana nawo amene akuti moto uletsedwe kotheratu m'nkhalango ya Dzalanyama. Ndinakulira kufupi ndi nkhalangoyi ndipo ndaona ndekha kuti moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, umangodutsa pansi, mitengo ya mombo ndi misuku imaphukanso bwinobwino, ng'ombe nkupeza msipu. Woopsa ndi uja wa mu Okutobala, anyamata osaka mbewa akayatsa kukutentha chonchija umapsereza ndi timitengo tomwe, nthaka nkutsala mbee, ndiye mvula ikagwa dothi lonse limakokolokera mu mtsinje wa Lilongwe, madzi omwe timamwa m'tauni muno. A zankhalango akhale pansi ndi mafumu, aziotcha msanga mwadongosolo komanso kulambula njira zotchinga moto.

Wowerenga wanu,
Likuni, Lilongwe