Kalata kwa Tadala, za galu woweta nkhosa

Mdzukulu wanga Tadala,

Kaya muli bwanji ku Nchaloko? Kuno ku Ngabu tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala likuotcha mpaka nkhuku zikungokhala yasa kukamwa pansi pa nkhokwe. Amayi ako andiuza kuti ukuwasowetsa mtendere ndi mafunso a galu wakuda ndi woyera amene unamuona pafoni akukusa nkhosa, ndipo akuti ukufuna kuti Bobi wako azichitanso chimodzimodzi ndi mbuzi za bambo ako. Khala pansi, amayi akuwerengere pang'onopang'ono.

Galu ameneyo amatchedwa Border Collie. Kwawo ndi kumalire a Scotland ndi England, kumapiri ozizira kumene mvumbi suchedwa kugwa. Nkhosa kumeneko zimamwazikana phiri lonse, moti mbusa mmodzi atati azikuse yekha dzuwa lingalowe asanathe. N'chifukwa chake abusa ankafuna galu woti aziwathamangira.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi mmene amakusira nkhosa. Sauwauwa, ndipo wophunzitsidwa bwino saluma. Mbusa akamutuma, iye salunjika pakati pa nkhosa ayi. Amathamanga mozungulira, chapatali, mpaka atafika kumbuyo kwa zonse. Akafika pamenepo amatsitsa mutu, mimba n'kutsala pang'ono kukhudza udzu, mchira uli pansi, n'kumanyang'ama ngati mphaka amene waona mbewa. Maso ali tong'o pa nkhosa. Nkhosazo zikaona maso amenewo zimaunjikana pamodzi n'kuyamba kusendera kumene kuli mbusa. Ina ikati ipatuke, galu wafika kale mbali imeneyo. Ikaima n'kumuyang'ana, nayenso amaima chilili, mpaka nkhosayo imagonja yokha.

Kunyang'ama kumeneku anakutengera kwa mimbulu, makolo akalekale a agalu onse, imene imazembera nyama motero posaka. Abusa kwa zaka zambiri ankasankha agalu odziwa kuzembera koma osagwira nkhosa, n'kumaweta ana awo. M'chaka cha 1893, ku Northumberland, kumpoto kwa England, pakhomo pa mbusa wina dzina lake Adam Telfer panabadwa kagalu kamene anakatcha Old Hemp. Anthu ankadabwa naye chifukwa ankagwira ntchito mwakachetechete, koma nkhosa zinkamumvera. Abusa ambiri anafuna mbewu yake, moti akuti anabereketsa ana oposa 200, ndipo a Border Collie ambiri a lero ndi zidzukulu zake. Mpikisano wa agalu oweta unali utachitika kale mu 1873 ku Bala, m'dziko la Wales, koma dzina loti Border Collie linayamba kulembedwa mu 1915.

Nanga galu ali kutsidya kwa phiri amamva bwanji? Mbusa amaimba mluzu. Pali mluzu wakuti zungulira uku, wina wakuti zungulira uko, wina wakuti gona pansi, winanso wakuti basi, bwerera. Galuyo amausiyanitsa wonsewu akuthamanga. Nzeru zake sizithera pa nkhosa. Ku America kunali Border Collie wamkazi dzina lake Chaser, amene mwini wake, John Pilley, anamuphunzitsa mayina a zidole 1,022. Akatchula dzina, Chaser ankapita kukatola chidole chomwecho pamulu. Tadala, kodi mayina a anzako onse a m'kalasi umawadziwa?

Koma usavutitse bambo ako kuti akupezere galu wotere. Ubweya wake ndi wochindikala, woyenera kwawo kozizira, ndipo kutentha kwa kuchigwa kuno, kumene kumapitirira madigiri 40, kungamuzunze. Komanso akasowa ntchito amavuta kwambiri: amayamba kukusa nkhuku, ana, ngakhale njinga za kabaza pamsewu. Mbuzi nazonso si nkhosa. Iwe ukuzidziwa. Ina yakwera pachulu, ina yalowa m'munda wa thonje wa eni, tonde watembenuka akufuna kugunda. Galu woweta mbuzi amafunika kulimba mtima koposa.

Bobi ndi galu wakwathu kuno, wa ubweya waufupi, wopirira dzuwa, ndipo ine sindingamusinthanitse ndi wina. Mwina sadzanyang'ama ngati Old Hemp, koma kumva mawu ako angathe ndithu. Yamba ndi dzina lake. Umuitane m'mawa kusanatenthe, akabwera umupatse kachidutswa ka nsima n'kumusisita pamutu. Akazolowera, umuphunzitse "khala", kenako "bwera". Mawu akhale omwewo tsiku lililonse, ndipo musachedwepo, pakuti kagalu kamatopa msanga. Akalakwitsa usamugende kapena kumukwapula. Zimandiwawa ndikaona ana akugenda agalu, chifukwa galu wogendedwa akamva dzina lake amathawa, ndipo wothawa sungamutume. Popita kubusa ndi achimwene ako umutenge pachingwe masiku oyamba, kuti azolowere fungo la mbuzi asanaganize zozithamangitsa.

Zinthu zina uwauze amayi ako. Bobi akakwanitsa miyezi itatu akabayitse katemera wa chiwewe kwa alangizi a ziweto, ndipo azibayitsa chaka ndi chaka. Madzi ake azikhala pamthunzi, ndipo uzimuyang'ana nkhupakupa m'makutu. Usapite naye m'mphepete mwa Shire, ng'ona sizisankha galu kapena mwana. Galu aliyense akakuluma kapena kukukanda, ngakhale Bobi yemwe, usabise. Atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndibwera pa Khirisimasi ngati msewu ukhale bwino, ndipo ndidzafuna kuona Bobi akukhala pansi iwe ukamuuza. Upereke moni kwa bambo ako, amayi ako ndi achimwene ako. Agogo ako aakazi akuti usamayende padzuwa wopanda nsapato.

Ndine,
Agogo ako aamuna