Ufa umafika ku Chigwa, koma maganizo akutimaliza

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za vuto lomwe latigwira ambiri kuno ku Chigwa cha Shire, la kuganiza kwambiri.

Madzi atisamutsa mobwerezabwereza: Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anaononga ndi malo opangira magetsi a Kapichira omwe, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Thandizo limabwera ndipo timayamika, ufa, nyemba, mabulangete. Koma matenti akazulidwa pamsasa, munthu amabwerera kumudzi ndi zonse zili m'mutu mwake. Ku Makhanga ndi kuno ku Bangula alipo anthu oti mvula ikangogunda malata usiku tulo tathawa, amakhala tsonga kumvetsera ngati mtsinje wa Ruo wasefukira. Ena analeka kupita kudimba, akuti kulimiranji poti madzi adzakokolola. Anthu amawanena ulesi. Ine ndikukana, chifukwa ena mwa iwo ndi omwe aja ankafika kumunda tambala asanalire.

Ndine mlembi wa gulu la banki mkhonde, ndipo bukhu langa limandiuza msanga amene wayamba kufooka. Amayamba wadumphitsa masheya, kenaka amatuma mwana, mapeto ake mukakumana pamjigo amayang'ana kumbali.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench mumzinda wa Harare mu 2006. Agogo aakazi amaphunzitsidwa, nkumakhala pa benchi panja pa chipatala kumvetsera anthu othodwa ndi maganizo. Sapereka ndalama kapena mankhwala. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzi limodzi, kusankha limodzi lokha, ndi kupangana chochita asanakumanenso. Ife pagulu tinatengerako zimenezo, ngakhale sitinaphunzitsidwe, ndipo timazichita tisanatsegule bokosi.

Mayi wina anatiuza kuti moyo wake wonse waonongeka. Mawu otere sagwirika, ndiye tinamupempha atchule. Ngongole ya katapila, mbuzi zinapita ndi madzi, mwana wasiya sukulu, bambo a kunyumba ali ku Joni ndipo foni sayankha. Tinafunsa kuti, "Anzathu, mwa zimenezi ndi iti mungaigwire ndi manja anu sabata ino?" Mbuzi sizibwerera. A ku Joni aja sangawakoke. Anasankha za mwana, ndipo mmodzi wa ife anamuperekeza kukaonana ndi aphunzitsi. Katapila sanathe tsiku limenelo, koma mayiyu anabwera kumsonkhano wotsatira atasamba, atatchena, ndipo nkhani ya ngongole anaiyamba yekha. Mavuto ali ngati mtolo wa nkhuni wonyowa: pamodzi sunyamulika, koma ukamasula umatha kuutola.

Chomwe ndaona nchakuti mtima wofuna kugwira ntchito umabwera ntchito itayambika. Amene akudikira kuti mtima uyambe wakhala m'malo ndiye akagwire khasu, adzadikira mpaka dzinja. Nchifukwa chake timauzana kuti ngakhale thupi likukana, dzuka usese pabwalo, pita kudimba ukathirire bedi limodzi la masamba, kaone mnzako. Akatswiri a maganizo amalangizanso chimodzimodzi kwa anthu ovutika mumtima.

Usiku ndiye povuta. Amene anagonapo ku Ngabu kapena ku Nchalo mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kutentha kokha kumalanda tulo, ndiye onjezani ngongole. Ine ndimati za ngongole ziganizidwe masana, pansi pa mtengo, ndi pensulo m'manja. Zikabwera pakati pausiku, uziuze kuti nthawi yake ndi mawa, upume pang'onopang'ono, mpweya wotuluka utalike kuposa wolowa. Mtima umatsika kugunda. Foni nayo igone, makamaka aja a pa WhatsApp omwe amafalitsa za namondwe amene a zanyengo sanalengeze.

Koma amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi azibambo. Ife amayi timalira pamaliro, timadandaulirana pachigayo. Bambo anauzidwa ali mwana kuti mwamuna salira, ndiye thonje likalephera amakakhala pa bawo osanena kanthu, kapena pa kachasu. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala amuna. Ndipo kuno m'nyumba zambiri muli mankhwala opopera mbewu. Azibambo anzawo, musaope kufunsa mwachindunji kuti, "Achimwene, kodi mukuganiza zodzichotsa moyo?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, mankhwalawo achoke m'nyumba akasungidwe kwina, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mapemphero ndi abwino, ine ndemwe ndine wa kwaya, koma apite limodzi ndi chipatala.

Zomwe timachita pagulu zili ndi malire. Munthu amene sakudya, akumva mawu omwe ena sakuwamva, kapena wakhala masabata osadzuka pamkeka, afunika a chipatala. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza za chipatala cha Zomba Mental, nkuchita mantha ndi ulendo komanso manyazi, pomwe angayambire pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha boma ku Nsanje ndi ku Chikwawa.

Pempho langa kwa makhonsolo a maboma awiriwa ndi mabungwe otithandiza ndi ili: pokonzekera mvula ya chaka chino, pambali pa mabwato ndi matenti, phunzitsaniko alangizi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi amayi awiri atatu pa gulu lililonse la banki mkhonde kamvetseredwe ka munthu wothodwa. Magulu alipo kale, amakumana sabata ndi sabata, ndipo azibambo a pa bawo muwaitanenso.

Mlembi wa gulu la banki mkhonde,
Bangula, Nsanje