Lipoti la msonkhano wa uchi ndi umoyo, kwa mamembala a gulu lathu la alimi a njuchi

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa masiku awiri umene munandituma, ndipo ndikuthokoza pondikhulupirira. Funso limene munandisenzetsa linali lakuti, kodi ogula uchi wathu tiziwauza chiyani za ubwino wake m'thupi? Yankho ndabwera nalo. Uchi umathandizadi, koma pa zinthu zochepa zodziwika bwino, ndipo mawu ena amene takhala tikunena pogulitsa tiyenera kuwasiya.

Ndiyamba ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Dokotala wa ana amene analankhula tsiku loyamba anati mwana wosakwana miyezi 12 asalawe uchi ngakhale kadontho, kaya wauwisi, wowiritsa kapena wosungunulira m'madzi. Mu uchi nthawi zina mumakhala timbewu ta bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, tochokera m'dothi ndi m'fumbi. Munthu wamkulu akatimeza sitimuchita kanthu, chifukwa m'matumbo mwake muli kale mabakiteriya ena ambiri amene amatilepheretsa kumera. M'matumbo mwa khanda timamera n'kutulutsa poizoni wofooketsa thupi. Mwana amayamba ndi kudzimbidwa, kenako amalephera kuyamwa bwino, amalira mopanda mphamvu, khosi limafooka, ndipo zikafika poipa amalephera kupuma. Matendawa anazindikiridwa koyamba ku California mu 1976. Ndinaimirira n'kufunsa ngati uchi wofula mwaukhondo ndi wosefa bwino, monga timachitira ife, ulinso ndi chiopsezo chomwecho. Anati inde. Timbewuto timadutsa pa sefa, sitioneka ndi maso, ndipo kuwiritsa uchi kunyumba sikutipha.

Mtima unandigunda pomva zimenezi. Chaka chatha ndinalangiza mayi wina kuti azipaka uchi m'nkhama za mwana wake wa miyezi 7 amene ankavutika ndi kumera kwa mano. Mwanayo ali bwino, koma ndinamuika pangozi ndi pakamwa pangapa. Ndapita kale kukalankhula ndi mayiyo, ndipo ndikupempha aliyense amene anaperekapo malangizo otere achite chimodzimodzi.

Pa chifuwa ndi pamene uchi unatuluka ndi mbiri yabwino. Mu 2007, Dr Ian Paul ndi anzake a ku yunivesite ya Penn State ku America anayesa ana 105 a zaka zapakati pa 2 ndi 18 amene ankatsokomola usiku chifukwa cha chimfine. Ena anawapatsa uchi asanagone, ena mankhwala a chifuwa otchedwa dextromethorphan, ena sanawapatse kanthu. Makolo a ana amene analandira uchi ndi amene anaona kusintha kwakukulu pa kutsokomola ndi pa tulo. Muyezo wake unali theka la supuni yaing'ono kwa ana a zaka 2 mpaka 5, supuni imodzi kwa a zaka 6 mpaka 11, ndi masupuni awiri kwa okulirapo. Mu 2018 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zamankhwala n'kumuunika, linapeza kuti uchi umaoneka kuti umachepetsa chifuwa cha ana kuposa kusawapatsa kanthu. Umakuta kukhosi n'kuziziritsa poyabwa paja, koma supha kachilombo ka chimfine. Chimfinecho chimatha chokha nthawi yake ikakwana.

Malire ake ndi awa: mwana amene akupuma mothamanga, akubanika, kapena nthiti zikulowa m'kati akamapuma, angakhale ndi chibayo ndipo afunika chipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chodutsa masabata awiri, makamaka ngati munthu akuwonda kapena kutuluka thukuta usiku, chikayezedwe ngati si chifuwa chachikulu. Tikamugulitsa botolo munthu wotere n'kumuuza kuti achira, tamuchedwetsa njira yopita ku chithandizo.

Tsiku lachiwiri namwino wodziwa za zilonda anatifotokozera chifukwa chake mabakiteriya salimba mu uchi, ndipo ine monga mlimi wa njuchi ndinasangalala kumva zimene njuchi zathu zimachita. Pa magawo 100 a uchi wokhwima, pafupifupi 80 ndi shuga ndipo madzi ndi 17 kapena 18 okha, choncho uchi umayamwa madzi m'thupi la bakiteriya mpaka kumufooketsa. Ulinso ndi asidi, ndipo pa muyezo wa asidi wotchedwa pH umakhala cha pa 3.9. Chachitatu n'chochokera kwa njuchi yeniyeniyo: ikamakonza timadzi ta m'maluwa imathiramo enzayimu (chinthu chochokera m'thupi mwake chothandiza kusintha zinthu) yotchedwa glucose oxidase, ndipo uchi ukakhudzana ndi chinyezi cha pachilonda enzayimuyo imatulutsa pang'onopang'ono mankhwala opha mabakiteriya otchedwa hydrogen peroxide. Aiguputo akale ankapaka kale uchi pa mabala, ndipo zinalembedwa mu mpukutu wawo wa zamankhwala wotchedwa Ebers wa cha m'ma 1550 BC. M'nthawi yathu ino, Peter Molan wa ku yunivesite ya Waikato ku New Zealand anatchukitsa uchi wa mtengo wa manuka, umene mphamvu yake yapadera imachokera ku mankhwala achilengedwe opha mabakiteriya otchedwa methylglyoxal. Kuunika kwa Cochrane kwa mu 2015 kunapeza kuti mabala a moto osazama kwambiri amene anamangidwa ndi uchi anapola msanga ndi masiku 4 kapena 5 kuposa omangidwa ndi zomangira zina za masiku onse.

Apa m'holo munabuka mkangano. Alimi ena anati ngati zili choncho, bwanji tisamalengeze uchi wathu ngati mankhwala a zilonda? Namwinoyo sanagwedezeke. Anati uchi wa m'zipatala umayamba wadutsa m'cheza champhamvu chotchedwa gamma kuti timbewu ta mabakiteriya tife, ndipo wathu sudutsamo. Chilonda chozama, cha mafinya, cholumidwa ndi nyama, kapena cha kuphazi kwa munthu wodwala shuga, n'chofunika kuonedwa ndi achipatala. Munthu akapsa, choyamba ndi kuthira madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Ine ndili kumbali ya namwinoyo, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzakhumudwa.

Za matenda a shuga olankhula sanachedwepo, chifukwa palibe chobisika. Supuni yaikulu imodzi ya uchi, yolemera magalamu 21, ili ndi shuga wokwana magalamu 17. Malangizo a mu 2015 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amawerengera uchi pamodzi ndi shuga wina yense woonjezera m'zakudya. Mawu aja akuti uchi ndi wachilengedwe ndiye wodwala shuga adye mmene angafunire ndi olakwika, ndipo ndawamvapo kwa ena a ife. Palibenso umboni woti uchi umachiza khansa, kuthamanga kwa magazi kapena kusabereka. Wodwala asasiye mankhwala ake chifukwa cha botolo lathu.

Ubwino wonse ndatchulawu umadalira mmene timafulira. Malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex Alimentarius salola madzi opitirira magawo 20 pa 100 mu uchi wamba. Tikathamangira kufula zisa zimene njuchi sizinamate ndi phula, uchi umakhala wamadzi ndipo umasasa. Tikausungunula pamoto waukulu kuti usefeke msanga, timapha enzayimu ija. Ogula tiziwauzanso kuti uchi ukaundana sindiye kuti ndi wachinyengo, ndi shuga wake wa glucose amene wagwirana, ndipo kuika botolo m'madzi ofunda kumaubwezeretsa. Chinyengo chenicheni chilipo ndithu. Mu 2023 bungwe la European Union linalengeza kuti pa zitsanzo 320 za uchi wolowa m'maiko ake zimene linayeza, 46 pa 100 zilizonse zinakayikiridwa kuti zinasakanizidwa ndi manyuchi a shuga. Uchi wosakaniza chotero sungakhale ndi mphamvu zimene ndafotokozazi.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane zolemba pa botolo lililonse mawu akuti: "Osapatsa mwana wosakwana chaka chimodzi." Tichotsenso mawu akuti "umachiza matenda osiyanasiyana" pa mapepala omwe tinasindikitsa, ngakhale atsala ambiri. A msungichuma ationerenso ngati thumba lingakwanitse kugula refractometer imodzi, kachipangizo koyezera madzi mu uchi, kuti tizibwerekana nyengo yofula. Mapepala onse amene ndinalandira kumeneko ndawasiya kwa a mlembi, ndipo amene akufuna kuwawerenga tsiku la msonkhano lisanafike akawapeza kumeneko.

Ndine nthumwi yanu.