Masamba a chiwawu tisamawatenthe onse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione yachabechabe, ya kusunga masamba odwala.

Mlimi wa khofi kuno ku Thyolo amachidziwa chiwawu. Ukatembenuza tsamba umapeza kaufa kachikasu kunsi kwake, posakhalitsa masamba ayoyoka, zipatso n'kuchepa. Kabowa koyambitsa matendawa, Hemileia vastatrix, kanapatsidwa dzina mu 1869 ku England, akatswiri ataunika masamba ouma ochokera ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka. Khofi wa kumeneko anawonongekeratu, eni minda n'kuyamba tiyi. Ngakhale Henry Brown, yemwe anadzala tiyi ku Mulanje mu 1891, anachokera ku minda ya khofi ya ku Ceylon komweko. Choncho matendawa ali mu mbiri ya minda yathu yomwe.

Tsamba lodwala likaumitsidwa bwino pakati pa mapepala, n'kulembapo malo, tsiku ndi mtundu wa mbewu, limatha kukhala zaka zoposa 100. Timbewu ta kabowa timakhalabe pomwepo. Katswiri amatha kutiunika pa makina okuza tinthu tating'onoting'ono, ndipo masiku ano amatengapo ndi DNA, yomwe imasonyeza mtundu weniweni wa kabowako. Yunivesite ya Purdue ku America ili ndi nkhokwe ya masamba otere masauzande ambirimbiri, ochokera mayiko osiyanasiyana. Anthu amenewo sasunga zinyalala ayi, amasunga umboni.

Alimi a soya sanaiwale momwe chiwawu chinawonongera zokolola zawo mu 2023. Chikadzabweranso zaka 20 zikudzazi, adzukulu athu adzadziwa bwanji ngati ndi chomwechi kapena ndi mtundu watsopano umene mbewu zathu sizingapirire? Popanda tsamba la chaka chimenecho, adzangoganizira. Izi zimandiwawa, chifukwa tsamba lotenthedwa silibwerera.

Ku Zomba tili ndi National Herbarium, nkhokwe ya dziko lino yosungiramo zomera zoumitsidwa, ndipo kuno kwathu kuli malo a kafukufuku a Bvumbwe. Pempho langa n'lakuti mabungwe awiriwa agwirizane ndi alangizi a zaulimi, kuti chiwawu chikagwa pa khofi, soya, mtedza, nyemba kapena chimanga, masamba ochepa azitengedwa ena onse asanawonongedwe. Sizilira ndalama zambiri: nyuzipepala zakale, matabwa awiri, mwala wopsinjira ndi envulopu yomata bwino kuti kaufa kaja kasafalikire m'njira. Ana a sukulu a m'makalabu a zachilengedwe angathandizenso atangophunzitsidwa kalembedwe ka malo ndi tsiku.

Akuluakulu a ku Unduna wa Zaulimi, chonde iganizireni nkhaniyi mvula isanayambe.

Ine wanu,
Mlimi wa khofi,
Thyolo