Kalata yochokera ku Luwinga

Mnzanga wokondedwa,

Uthenga wako ndinaulandira, koma funso lako si loyankha ndi timawu tiwiri pa WhatsApp, choncho ndati ndikhale pansi ndikulembere. Kuno tonse tili bwino. Mayi mwendo uja wayamba kulola, masiku ano akupita okha kutchalitchi.

Wafunsa ngati ndatsimikizadi zokachita masters ya low vision rehabilitation, maphunziro othandiza anthu oona pang'ono kugwiritsa ntchito kuona kumene kwawatsalira, pomwe anzanga ena amene tinamaliza nawo optometry pa Mzuni anatsegula mashopu a magalasi ku Lilongwe ndipo zikuwayendera. Eya, ndatsimikiza. Chimene chikundisowetsa tulo ndi koti ndikaphunzire, ndipo pamenepo ndikufuna nzeru zako, popeza imodzi mwa sukuluzo ili kufupi ndi kwanuko.

Ndiyambe ndi chifukwa chake. Wodwala ng'ala akabwera, amachitidwa opaleshoni, mawa lake akuona n'kumaimba nyimbo. Wofuna magalasi timamuyeza n'kumulembera. Koma akabwera munthu nthenda ya glaucoma itadya kale mtsempha wa diso, kapena shuga itawononga kumbuyo kwa diso, kapena mwana wachialubino, mawu amene amamva kawirikawiri ndi akuti "apa palibenso chomwe tingachite." Amabwerera kwawo kukakhala pakhonde, abale n'kumamutsogolera ngakhale popita kubafa, chonsecho munthuyo akuonabe. Mawu amenewo ndi abodza, ndipo ndi amene akundibweza kusukulu.

Iwe ndiwe namwino, za maso sunazilowe kwambiri, ndiye ndikufotokozere. Tanthauzo la low vision limene akatswiri a WHO anagwirizana ku Bangkok mu 1992 limakamba za munthu amene, ngakhale atalandira mankhwala, opaleshoni ndi magalasi omuyenera, diso lake labwinolo silifika 6/18. Ndiye kuti chimene iwe ungawerenge uli mamita 18, iyeyo sangachiwerenge ngakhale atayandikira kufika mamita 6. Ena amaona bwino ndithu koma kampata kakang'ono kosakwana madigiri 10. Mbali yotsiriza ya tanthauzolo ndi imene anthu amaidumpha: munthuyo akugwiritsa ntchito, kapena angathe kugwiritsa ntchito, kuona kotsalako. Ntchito yonse ya maphunzirowa yagona pamenepo.

Ana achialubino ndi amene amandikhudza kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo pafupifupi aliyense wa iwo ali ndi vuto la maso. Kachigawo kapakati pa retina, kumbuyo kwa diso, kamene timaonera tinthu ting'onoting'ono, sikakula mokwanira, maso amagwedezeka okha, kuwala kumawathobwa. Koma vutolo silikulirakulira mpaka khungu monga ambiri amakhulupirira. Chikhulupiriro chimenecho chachititsa kuti ana ena aphunzitsidwe braille "pokonzekera", pomwe akanatha kuwerenga buku wamba. Braille ndi yabwino kwa woifuna, usandimve molakwa. Koma mwana woona ukamuika pa braille, amayamba kuwerenga timadonthoto ndi maso, atagunditsa mphuno papepala.

Kamtsikana kena ka Sitandade 5 anabwera nako agogo ake. Kanali koona 6/60. Masamu opezera mphamvu ya galasi ndi osavuta: 60 kugawa ndi 6, ukupeza 10, ndiye poyambira ndi galasi la +10, ndipo buku liyenera kukhala masentimita 10 kuchokera kumaso. Titangokapatsa galasi lokulitsira zilembo kanawerenga ndime yonse osaphonya. Agogo aja anangoti kukamwa yasa, kenaka anaulula kuti amakakalipira kakayandikiza buku kumaso poopa kuti maso atheratu. Kuyandikiza buku sikuwononga maso. Kwa mwana wotere ndiyo njira yake yokulitsira zilembo, ndipo yaulere. Zina zotsala zinali kukauza aphunzitsi kuti akaike kutsogolo, kafulatire zenera, kazivala chipewa m'kalasi osakagwetsera mlandu wamwano, ndiponso kuti alembe ndi choko choyera bwino pabolodi lopaka utoto wakuda. A MANEB amasindikiza mayeso a zilembo zazikulu, koma sukulu iyenera kulembetsa mwanayo nthawi isanathe. Zonsezi palibe opaleshoni, palibe piritsi.

Akuluakulu nkhani yawo ndi ina. Safunsa za 6/18. Amafuna kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo, kusiyanitsa K500 ndi K5,000 pamsika, kuona manambala pa sirinji ya insulin. Wa glaucoma galasi lokulitsira silimuthandiza kwenikweni, chifukwa ukakulitsa chilembo chimasefukira kunja kwa kampata kaja. Iyeyo afunika kuphunzira kuyendetsa maso ndi mutu mwadongosolo, nthawi zina ndi ndodo yoyera, ndiponso kusintha zinthu pakhomo. Nsima yoyera m'mbale yoyera saiona. Isinthe mbaleyo ikhale yobiriwira kapena yofiira, adya yekha. Tsitso la pakhomo ukalipaka utoto wowala, kupunthwa kumachepa. Zimenezi pa Mzuni tinangozilawa. Ndikufuna ndizidziwe mozama, makamaka kaphunzitsidwe ka munthu amene pakati pa diso panafa kuti aziona ndi m'mbali, chifukwa pamenepo ndimangoyesera.

Tsono za sukulu. Ya Salus ku Elkins Park, kwanuko ku America, imene inaphatikizana ndi yunivesite ya Drexel mu 2024, ili ndi masters ya dzina lenilenilo, ndipo omaliza amatha kulemba mayeso a bungwe la ACVREP, lovomereza akatswiri a ntchitoyi, n'kukhala ndi satifiketi ya CLVT, ya katswiri wothandiza oona pang'ono. Papepala ndi yokoma. Nkhawa yanga ndi iwiri. Yoyamba ndi ndalama. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndikawerengera fizi ya madola ndimangoseka ndekha. Popanda sikolashipu ya Fulbright kapena thandizo lina, n'zosatheka. Yachiwiri ndi yakuti ndingakaphunzire pa makina okulitsira zilembo pa sikirini, odula kuposa malipiro anga a chaka, kenaka ndibwere ku Mzuzu kumene wodwala wanga wochokera ku Mpherembe alibe magetsi m'nyumba. Wophunzira kupalasa bwato ku Nkhata Bay sakadandaula kuti ku Nyika kulibe nyanja, analakwa yekha posankha.

Ku London School of Hygiene and Tropical Medicine kuli masters ya Public Health for Eye Care, ya chaka chimodzi. Imeneyo imaphunzitsa kukonza ntchito ya maso ya chigawo chonse, osati kukhala ndi wodwala mmodzi. Sindikuinyoza. Malawi anathetsa nthenda ya maso ya trachoma monga vuto la dziko mu 2022 chifukwa cha anthu oganiza motero, owerengera maboma ndi midzi. Ndiponso njira za ndalama zilipo: sikolashipu ya Commonwealth, ndi ya Chevening imene imafuna zaka ziwiri za ntchito, zomwe ndakwanitsa. Koma ndikuopa kubwerako ndili munthu wa misonkhano ya m'mahotela, manja atayiwala odwala.

Mtima wanga ukupendekera ku Durban, ku University of KwaZulu-Natal. Ndi pafupi, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo masters ya kafukufuku ingandilole kuchita ntchito yambiri ndili konkuno. Funso la kafukufuku ndili nalo kale. Mabungwe amabwera, amayeza ana, amagawa magalasi okulitsira ndi timatelesikopu ta m'manja toonera pabolodi, amajambula zithunzi n'kumapita. Pakatha chaka, ndi ana angati amene akugwiritsabe ntchito zipangizozo? Ndikamayendera ana ndimapeza zina zili m'kabati ya ahedi, zokhomeredwa kuti zingabedwe. Zina zinasweka. Zina mwana anazisiya chifukwa anzake ankamuseka. Ndikufuna ndizilembe bwino zimenezi, ndi manambala, ndikugwira ntchito ndi aphunzitsi a ana osaona bwino a ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay. Ambiri a iwo anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, ndipo amadziwa za m'kalasi zimene ife a kuchipatala sitizidziwa, pomwe ife timadziwa za diso zimene iwo sanauzidwe. Timakumana mwa apo ndi apo, mwana n'kumagwera pakati pathu. Luso la manja ndingakaonjezere pambuyo pake ndi kosi yaifupi, mwina kuchipatala cha maso cha LV Prasad ku Hyderabad ku India, kumene amathandiza anthu osauka ngati athuwa.

Zipangizo zotchipa zilipo, ndisaiwale. A Hong Kong Society for the Blind akhala akugulitsa magalasi okulitsira pamtengo wotsika ku maiko ngati athu. Ndiponso foni ya kamera ndi chokulitsira chabwino. Mnyamata wina wa ku sekondale amajambula bolodi n'kumakulitsa ndi zala, koma sukulu zambiri zimaletsa mafoni, ndiye pafunika kalata yochokera kwa ife.

Akunyumba maganizo awo ndi osiyana. Amalume akuti ndikapita ku America ndisadzabwerenso, ndizingotumiza madola ngati iwe. Ndinawaseka. Mayi akuti ndipite kulikonse bola ndikwatire kaye.

Chimene ndikukupempha n'chakuti, ukapeza tsiku lopuma, uwaimbire a ku Elkins Park uwafunse zinthu ziwiri: ngati munthu angaphunzire mbali yaikulu pa intaneti ali ku Malawi, ndiponso ngati maola oyeserera ntchito angachitikire kuchipatala cha kuno pansi pa katswiri amene iwo angamuvomereze. Akati inde pa zonse ziwiri, ndiganizanso. Ufunsenso mtengo weniweni kwa munthu wakunja, osati wa pa tsamba lawo loyamba. Ine mwezi wamawa ndikupita ku Lilongwe kukalemba mayeso a Chingerezi a IELTS, ndipo makalata ondichitira umboni ndapempha kale kwa aphunzitsi anga awiri.

Ngati kuntchito kwanu kuli magalasi okulitsira amene agogo a kumeneko anasiya, usawataye. Wina akamabwera kumudzi umupatsire, ine ndimupatsira khofi wa ku Mzuzu pobwerera. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa ku Luwinga