Mdzukulu wanga anadulidwa, mnyamata akuimbabe ng'oma m'kwaya

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kwa abusa ndi akulu a mipingo kudzera m'nyuzipepala yanu.

Ndine gogo wa zaka 68. Mdzukulu wanga, amene ndamulera chimwalirireni mayi ake, anatenga pakati ali Fomu 3. Sindikumuikira kumbuyo ayi. Anachimwa, ndipo mwini wake anavomera pamaso pa akulu a mpingo, misozi ili chuchuchu. Anamudula mumpingo. Tsiku la Mgonero amatuluka ndi mwana kumsana n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka titamaliza. Mnyamata mwini mimbayo anangoti "si ine", mlandu wake n'kuthera pomwepo. Lamulungu lapitali ndi amene ankaimba ng'oma m'kwaya.

Zimenezi zimandikumbutsa Yohane 8. Alembi ndi Afarisi anakokera kwa Yesu mkazi yekha, chonsecho Levitiko 20:10 amatchula onse awiri, mwamuna ndi mkazi yemwe. Kodi chigololo munthu amachita yekha? Mimba imaoneka, n'chifukwa chake timagwira atsikana. Koma katapira, ziphuphu ndi kumenya akazi zimalowa m'tchalitchi zitavala jekete, n'kudya nawo mkate.

Mwambo wa mpingo sindikuukana. Paulo yemwe, pa 1 Akorinto 5, analamula kuti munthu wadama achotsedwe pakati pa abale. Komatu tiwerengenso 2 Akorinto 2:7, pamene akuti wolangidwa akhululukidwe ndi kutonthozedwa, kuti chisoni chingamumize. Kutonthoza kumeneku ndiye sindinakuone. Chidulidwireni mwanayu, palibe mkulu ngakhale mmodzi amene waponda pakhomo panga. Amayi anzanga amene tinkaphika nawo limodzi pamaliro amangomuyang'ana cham'mbali.

Ine ndinaphunzira pakalasi ndili mtsikana kuti Mulungu satilandira chifukwa cha kuyera kwathu. Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tili ochimwabe. Mwana wolowerera uja wa pa Luka 15 anali atakonzeratu mawu opempha kuti akhale wantchito, koma bambo ake anamuthamangira ali patali, ndipo asanafike n'komwe pa pempholo anaitanitsa mkanjo, mphete ndi nsapato. Kulapa kwake kunali kokwanira tsiku lomwelo. Ife bwanji timaiwala msanga chisomo chimene tinalandira tokha chaulere?

Usiku wina tikukonola chimanga cha mawa lake, mtsikanayu anandifunsa: "Agogo, kodi ndiye kuti Mulungunso wandidula? Nditafa lero mudzandiimbira nyimbo?" Akudziwa kuti maliro a munthu wodulidwa kwathu kuno amayenda mwakachetechete. Ndinamuyankha kuti Mulungu sanamutaye, koma ndinaona kuti sanakhutire, poti ine ndine agogo ake.

Abusa ndi akulu a mpingo, chonde bwerani mudzamuyankhe nokha funso limeneli. Ndipo mnyamata uja muitanitseninso.

Gogo wodandaula,
Dedza